Laputopu Imene Alamu Anaikana

Amuna anga atamwalira, abale awo anatenga firiji, tivi, masofa, kamera ndi masuti, koma laputopu anaikana okha. Ine sindinaibise. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa muno m'komboni ya George, mu Lusaka, alipo anthu amene mpaka lero amanena kuti ndinaikwirira m'thumba la makala. Bodza limenelo. Inali patebulo, poyera, pamodzi ndi katundu yense, ndipo woyamba kuigwira anali alamu anga, akulu awo a malemu.

Alamuwo ndi amene banja linawasankha titachoka kumanda kuti akhale adiminisitireta, munthu woyang'anira katundu wa womwalira kuti mkazi ndi ana asavutike. Mawuwo ndi okoma kuwamva. Iwo anamva kuti kuyang'anira chinthu ndi kuchinyamula n'kupita nacho kwanu ku Garden, kumene ungachiyang'ane bwino tsiku lililonse. Ine ndinali pansi pamphasa, mpango wakuda kumutu, maso pansi monga amafunira kuti namfedwa akhale, ndikumva katundu wanga akutchulidwa mmodzimmodzi.

Atafika pa laputopu anailumikiza ku magetsi, anaitsegula nadina batani. Fani yake inayamba kulira ngati chigayo, galasi lili bii. Alamu anapempha madzi, anamwa, anabweza kapu, ndiye pagalasi panabwera kamkombero kaja kozungulira. Kanazungulira mpaka anthu anayamba kutsokomola. Zithunzi zitaoneka anadina apa, anadina apo, laputopu inangouma gwa.

"Ichi chintu chinafa kudala," anatero alamu. "Basiyileni ba mulamu, mwana azisewelelako."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro. Ine ndinaweramitsa mutu kwambiri kuti asaone nkhope yanga. Zaka zonse ndinkaitukwana laputopu imeneyo chifukwa cha ulesi wake, ndipo tsiku limenelo ulesi womwewo ndi umene unaisiya m'nyumba mwanga.

Chimene abalewo sankadziwa, kapena sankafuna kudziwa, n'chakuti ntchito ya m'nyumba mwathu inali ya anthu awiri. Amuna anga, Mbemba wa ku Mufulira wokonda kuseka, ankajambula mavidiyo a maukwati, makicheni pate ndi chilanga mulilo, phwando limene akuchikazi amaphikira mkamwini. Ine, mwana wa ku Katete, ndinkatenga zimene ajambulazo n'kuzisoka pa laputopu: kudula pamene kamera yagwedezeka, kuchotsa malume woledzera, kuika nyimbo, kulemba mayina. Iwo ankapita ku zisangalalo atavala tayi, ine ndinkatsala ndi kamkombero kozungulira. Anansi ankati mkazi uja amangoonera mafilimu tsiku lonse. Choncho kamera itapita, abale anaganiza kuti ntchito yapita nayo. Koma ojambula ndi ambiri mu Lusaka, osoka ndiwo ochepa, ndipo posakhalitsa anzawo a malemu anayamba kugogoda pakhomo ndi timakhadi ta m'makamera awo.

Ntchitoyo ndinkaigwira ngati wakuba. Katani ndinkatseka dzuwa likuswa mtengo. Aliyense wobweretsa khadi ndinkamuuza kuti asatchule kumene wakasoketsa, chifukwa m'komboni mawu ukawanena m'mawa pampopi wogulitsira madzi, madzulo afika kale ku Garden osalipira minibasi. Alamu akabwera, amati kudzaona mwana wanga wamkazi, ankapeza laputopu ili pakona nditaiphimba ndi kansalu koluka, pamwamba pake pali maluwa a pulasitiki.

"Chija chikali kuyaka?" ankafunsa, maso akuyendayenda m'nyumba yopanda kanthu.

"Chimayaka chabe, ba mulamu."

"Nikapeza wogula nizakuuzani. Olo masipeya."

Akapita ndinkachotsa maluwawo, ndipo zimene ndinkamva sanali mantha okha ayi. Unali mkwiyo. Chinthu chimene chinkatidyetsa ine ndi mwana wanga ndinkachitcha chakufa ndi pakamwa panga, m'nyumba yanga, pamaso pa munthu wokhalira masofa anga.

Vuto linali lakuti laputopuyo inalidi yaulesi, ndipo ulesiwo unkakula. Makamera a masiku ano amajambula zinthu zolemera. Ukaika vidiyo ya ukwati umodzi mu pulogalamu yosokera, mawu amathamanga kutsogolo, mkwatibwi watsala pakhomo la tchalitchi phazi lili m'mwamba. Onjezani nkhani ya magetsi. Ankabwera kanthawi kochepa, nthawi imene afuna okha, ndipo kanthawi kameneko laputopu inkakadya pongodzuka. Amuna anga chaka chilichonse ankati, "Tizaikako ramu, uzaona, izayamba kuthamanga." Ankanena zimenezi akupukuta kamera yawo. Ramuyo sanaike, anagula tayi ina.

Ndiye tsiku lina apongozi anga aakazi anaimba foni kuchokera ku Mufulira. Ndi mayi wosalankhula zambiri, ndipo pogawa katundu paja sananene kanthu, kaya kundithandiza kaya kundipweteka.

"Mayo," anatero, "mvula ikasila tizavundukula mwala wa pamanda. Vithunzi nili navo, koma mu vithunzi muntu sayenda. Nifuna nimuone ayenda. Mukulu wake akuti vonse vinafela mu chimashini chija. Ni zoona?"

"Nizaona, ba mayo," ndinayankha.

Sizinafere m'menemo. Zinalimo zonse, mavidiyo a zaka ndi zaka. Koma munthu wojambula saoneka m'zimene wajambula. Kuti ndimupeze ndinafunika kutsegula mavidiyo ambirimbiri, kufufuza kachidutswa apa, kachidutswa apo, n'kuziika pamodzi. Ndinayesa. Laputopu inalira, inatentha, inauma. Ndinaizimitsa n'kuyesanso, inaumanso.

Ndinaikulunga m'chitenje, n'kuiika pansi pa masamba m'chikwama, ndinakwera minibasi ya ku Matero. Kumsika kuli bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta m'kantemba kopapatiza, Mbemba nayenso. Abemba ndi ife a kum'mawa timanyozana mwaufulu popanda wokwiya, chimbuya chimenecho, ndiye atangomva kalankhulidwe kanga anayamba.

"Mbuya, iyi laputopu munaigula na mbeba zingati?"

"Segulani chabe, imwe bakudya nyani. Manja yanu niyayangana."

"Siyani, mubwele mailo."

"Nasiya chani? Nili pano."

Muno palibe munthu wanzeru zake amene amasiya chinthu kwa wokonza n'kupita. Umabwera n'kupeza chikugwira ntchito, koma zam'kati mwake zabwino zasamukira kwina. Sindikunena kuti bamboyo anali wotero, koma mwambo ndi mwambo, naye ankaudziwa. Anaseka, anaitembenuza laputopu chafufumimba, anamasula timisomali tiwiri take, nachotsa kachitseko. M'kati munali kachinthu kobiriwira, kopyapyala, kotalika ngati chala. Anakaloza.

"Ramu ni iyi. Ili monga tebulo yosokelapo. Yanu ni ka mupando chabe. Nsalu ikakula igwela pansi, mashini iyamba kutolatola, ndiye kuchedwa kuja. Malo ni yamodzi, so tichosa aka, tiika yaikulu. Nili nayo, ninachosa mu laputopu inapwanyika galasi."

Mtengo wake sunali woopsa. Ndikanaupeza nditadzimana pang'ono. Koma ndinamuuza kuti atseke, ndikaganize kaye. Anandiyang'ana ngati munthu amene wakana mankhwala ali pakhomo la chipatala, natseka.

Chimene ndinkaganiza sindikanamufotokozera. Laputopu yaulesi inali yanga chifukwa palibe amene ankaifuna. Laputopu yothamanga ikanakhala katundu wa malemu. Nkhani ya katundu inali isanatsekedwe. Mwambo wa banjalo unali wakuti amaitseka tsiku lovundukula mwala, pamene amamasulanso namfedwa kuti azidziyendera. Kufikira tsikulo, alamu anali ndi mphamvu yobwera n'kunena kuti chakuti chinaiwalika. Ndipo vidiyo imene apongozi ankafuna inali yokaonetsa tsiku lomwelo, pamaso pa alamu omwewo.

Ndinapita ku Chawama kwa akulu anga aakazi, amene amagulitsa zovala za salaula ndipo saopa munthu, kuganiza kuti andilimbitsa mtima. Anandithira madzi ozizira.

"Iwe, walira mvula walira matope. Isiye igone. Bakakumasula, ika ramu olo zibili, palibe azakufunsa."

"Nanga ba mayo?"

"Ba mayo banakamba chani pamene firiji inali kuchoka? Bauze kuti vinafa."

"Nabauza kudala kuti nizaona."

"Ngati mutu wako wauma, panga, uike pa fulashi. Ukakambe kuti unapangisa ku tauni. Laputopu isaonekeko."

Malangizowo anali anzeru, ndipo ndinabwerera ku George nditatsala pang'ono kuwamvera mbali yoyamba ija, yongoisiya igone. Masabata anapita ndikukoka ntchito zazing'ono, makhadi oitanira anthu ku ukwati, mapulogalamu a maliro, zinthu zimene laputopu inkatha kunyamula.

Chimene chinandisintha chinali lamba. Bambo wina wosamudziwa anabwera ndi khadi la kicheni pate, atamva kwa mnzake kuti kuno kuli wosoka. Pakhosi pake panali kamera, ndipo kamerayo inapachikidwa pa lamba wa chitenje chachikasu chokhala ndi nsomba. Lamba ameneyo ndinasoka ine pamanja, wakale atang'ambika, amuna anga akundiseka kuti ndikuwaveka ngati wogulitsa mandasi.

"Kamera yabwino," ndinatero. "Munaigula kuti?"

"Si yanga. Nimabweleka kuli ba mudala bena ku Garden, nimabalipila pa siku."

Sanadziwe chilichonse, munthu wosalakwa. Ndinalandira khadi lake, ndinamuperekeza mpaka pakhomo. Kenaka ndinaika khadilo mu laputopu, ndipo inauma pa chithunzi choyamba. Ndinakhala pansi ndikuyang'ana. Kamera ya amuna anga inkagwira ntchito poyera, ikuyenda m'maphwando, ikudyetsa nyumba ya ku Garden, ndipo palibe amene ankaiphimba ndi kansalu koluka. Ine ndi amene ndinkabisala, ine wosoka lamba. Ndinalira tsiku limenelo, koma kulira kwake kunali kotentha, kosafuna wotonthoza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinali ku Matero bamboyo asanamalize kusesa pakantemba.

"Mbuya yabwela," anatero. "Mbeba zagulika?"

"Ikani. Koma poyamba nipaseni niione."

Ndinatulutsa kabotolo ka kyutekisi yofiira, yopaka m'zikhadabo, n'kudontheza kadontho pakona pa ramu yatsopanoyo, pamene panalibe tizitsulo. Ndi mmene timachitira ndi batire kapena chilichonse chopita kwa okonza, kuti chako uzichidziwa. Bamboyo anadikira kuti iume akupukusa mutu. Ndinamuuza kuti asaike yekha, andionetse. Anandionetsa mmene umakankhira tizitsulo tiwiri ta m'mbali kuti ramu idzuke yokha, mmene umalowetsera ina mopendeketsa n'kuidina mpaka itati tswa. Ndinachita ndekha, ndinachotsa, ndinachitanso. Ndinagula kwa iye kasikurudiraiva kakang'ono. Ramu yakale anafuna kuisunga, ine ndinakana. Ndinaikulunga m'pepala n'kuiponya m'chikwama pamodzi ndi kasikurudiraivako, poti inali ya amuna anga ndipo katundu wawo wokwanira anali atapita kale ndi anthu.

Titaiyatsa, inadzuka ndisanamalize kumanga chitenje. Fani inangopuma pang'onopang'ono. Ndinachita manyazi ndi chimwemwe changa pamaso pa Mbemba.

Masiku otsatirawo, magetsi akangobwera, ndinkasaka mwamuna wanga. Ndinamupeza m'galasi la saluni, akujambula mkwatibwi akumangidwa tsitsi, theka la nkhope litabisika ndi kamera. Ndinamupeza pa chitseko chonyezimira cha galimoto ya ukwati, wamfupi ndi wonenepa ngati mtsuko. Ndinapeza mthunzi wake pa fumbi la ku Kanyama. Mawu ake ndiye anali paliponse: "Sekelelani, ba mayo, si malilo aya." Penapake anaika kamera pampando ataiwala kuizimitsa, ndipo anadutsa kutsogolo kwake yense wathunthu, mbale m'manja, akuvina pang'ono popita kukatenga nkhuku, osadziwa kuti akujambulidwa. Pamenepo ndinabwereza kambirimbiri. Ndinamusowa koopsa, ndipo ndinamukwiyiranso chifukwa cha ramu imene ankangolonjeza, imene inatenga kanthawi kochepa chonchi kuika.

Vidiyo itatha kusokedwa, inatsala ntchito imodzi, yoitulutsa mu pulogalamu kuti ikhale chinthu chimodzi chokwana pa fulashi, monga ananenera akulu anga. Ntchito imeneyo imafuna magetsi osadukiza, ndipo batire ya laputopuyo inali itafa amuna anga ali moyo. Ndinayamba, magetsi anazima. Tsiku lotsatira ndinayambanso, anazimanso ili pakati. Tsiku lovundukula mwala linacha George yense ali wozima. Zinatsala njira ziwiri: kupita chimanjamanja, kapena kunyamula laputopu yeniyeniyo n'kukaonetsa vidiyo ili mu pulogalamu momwemo. Kunena zoona, mtima wanga unapepuka. Bodza la ku tauni lija linkandinyansa kuyambira pachiyambi. Ndinaiika m'chikwama popanda masamba pamwamba.

Titachoka kumanda tinasonkhana kwa alamu ku Garden. Kumeneko magetsi analipo. Amuna anakhala pa masofa anga, ife akazi pamphasa, madzi ozizira akuchokera m'firiji yanga. Akulu anga anali pambali panga. Mapemphero atatha, apongozi anandiyang'ana.

"Mayo, unapeza?"

"Napeza, ba mayo."

Nditatulutsa laputopu, akulu anga ananditsina pantchafu. Ndinayenda chogwada mpaka pa tivi, tivi yanga, imene ndinkadziwa pamene chingwe chimalowa ngakhale nditatsinzina. Ndinadina batani. Inayaka msanga moti alamu anasiya kapu ili m'njira yopita kukamwa.

Anthu anaonera. Posakhalitsa anayamba kuitana dzina la malemu akamuona m'galasi, pa galimoto, pa fumbi. Mawu ake atamveka akuti si maliro awa, chipinda chonse chinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Pa mbale ya nkhuku paja apongozi anadzuka, anapita pafupi, naika dzanja pa tivi. Vidiyo inatha dzanja lili pomwepo.

Alamu anakonza kukhosi.

"Kansi chimasebenza," anatero. "Ba mulamu, mwachita bwino. Koma pakuti lelo tivala nkhani ya katundu, ichi chifunika kulowa pamodzi na vinzake. Ni cha malemu. Mwana wanga ali ku koleji, avutika. Chizasala kuno."

Amuna anayang'ana nsapato zawo. Ndinali nditaganiza za mphindi imeneyi kwa miyezi, ndipo nthawi zonse ndinkadziona ndikukuwa. Itafika, ndinapeza kuti mawu anga ndi ozizira.

"Chabwino, ba mulamu. Lekani nikupaseni bwino."

Ndinaizimitsa, ndinaitembenuza pamiyendo panga, ndinatulutsa kasikurudiraiva. Timisomali ndinatiika m'mbale ya tiyi. Ndinachotsa ramu ya kadontho kofiira, ndinamasula pepala lija, ndinabwezera yakale mpaka inati tswa, ndinatseka. Ndiye ndinagwada bwinobwino pamaso pawo, monga mkamwana wolangidwa bwino, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Iyi ndiye yamene banasiya bang'ono banu. Aka kali na kyutekisi ninagula neka ku Matero. Ni kanga."

Ndinakamanga pakona ya chitenje n'kubwerera pamphasa.

Apongozi sanatsatire bwino zimene zinkachitika. Anali akadali chiimire pa tivi. "Bwezelaniko," anatero. "Nimuone futi paja avina."

Alamu analumikiza chingwe okha, nadina batani. Chigayo chija chinayamba. Galasi bii. Kamkombero kanabwera, kanazungulira, ndipo ulendo uno palibe amene anaseka. Patapita nthawi yaitali pulogalamu inatseguka, inaonetsa phewa la mwamuna wanga ndi m'mphepete mwa mbale, n'kuuma pomwepo. Alamu anadina, anadinanso, anamenya pambali ndi chikhatho. Thukuta linatsika m'khosi mwa shati.

"Ba mulamu, bwezelani kaja."

"Nizabwezela mu laputopu yanga. Mu yanu siningaike."

"Ba mayo balindila."

"Nabaona."

Ndinkawaonadi. Mayi wokalamba, dzanja pa phewa la mwana wake louma pagalasi, akutembenukira kwa ine kenaka kwa alamu. Zinandicheka mumtima, ndipo mpaka lero zimandicheka. Akulu anga, amene saopa munthu, anandinong'oneza kuti basi, zakwana. Mayi wina kumbuyo anati mkazi uyu alibe chisoni. Dzanja langa linapita lokha pa mfundo ya chitenje, ndipo ndinalibweza. Ndinadziwa kuti ndikamasula mfundoyo mawu asananenedwe, ndituluka m'nyumba imeneyo ndi kasikurudiraiva kokha, ndipo mwana wanga adzadya chisoni cha anthu amenewa.

Apongozi anachotsa dzanja pa tivi. Sanayang'ane ine, anayang'ana mwana wawo wamkulu.

"Iwe, vili mu nyumba muno sivinakukwane? Nipase mwana wanga nimuone."

Alamu anayang'ana amuna anzawo, koma nsapato zija zinali zisanathe kuyang'anidwa. Anaikankha laputopu pang'ono patebulo kulozetsa kwa ine, nalankhula chapansipansi.

"Tengani. Ni yanu."

"Sininamve, ba mulamu. Fani ipanga chongo."

Anandiyang'ana ndi maso oti akanakhala mpeni bwenzi nkhani ino akulemba wina.

"Nakamba kuti ni yanu. Laputopu ni ya ba mulamu. Nkhani yasila."

Aliyense anamva, ngakhale amene anali pakhonde. Ndinamasula mfundo. Ndikubwezera ramu yanga, kamsomali kamodzi kanagwa n'kugubudukira pansi pa sofa, ndipo sindinakafunefune. Laputopu inadzuka, mwamuna wanga anadutsanso ndi mbale yake akuvina, apongozi anabwezera dzanja pagalasi. Anaonera mpaka dzuwa linapendeka, ndipo nthawi iliyonse akati futi ndinkabwezera popanda kuwadikiritsa.

Potsanzikana ndinagwada kuti andidalitse monga mwa mwambo, poti tsopano ndinali womasulidwa. Anandigwira mutu, nawerama.

"Unanililisa pa bantu," anatero.

"Ee, ba mayo."

Anadikira kuti ndipepese. Ndinawakonda mayi amenewo, ndimawakondabe, ndipo vidiyo ndinawatumizira pa fulashi magetsi atangolola. Koma pepani sanatuluke, chifukwa akanakhala wabodza. Anachotsa dzanja lawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo akaimba foni amafunsa za mdzukulu wawo yekha.

Laputopuyo ndikulemberapo pano. Kachitseko kake kam'munsi kamagwira ndi kamsomali kamodzi, kanzake kanatsala ku Garden pamodzi ndi zina zonse. Maluwa a pulasitiki ndinapatsa anansi. Tebulo ndinalikokera pawindo, katani ndinaimanga mfundo, ndipo onse opita kukatunga madzi amandiona ndikusoka.